Funsani Wathanki: zobaya, zoluma ndi zoyabwa za m'madzi amchere

Makalata a mwezi uno afika akununkha kuchipatala. Masiku onse mumandifunsa za ndere zomera pagalasi, za mchere wopitirira muyezo, za nsomba zonyanyala chakudya, koma ulendo uno pafupifupi aliyense walemba za chala chotupa kapena bala lokana kupola. Ndasankhapo makalata 6, ena ndawadula kuti akwane. Mudziwiretu kuti ine si dokotala. Ndine woweta nsomba za m'nyanja m'thanki yagalasi, amene wakhala akupisa manja m'madzi amchere kwa zaka zoposa 20, ndipo zina mwa zimene ndinene pano ndinaziphunzira ndikudumphadumpha pabalaza, dzanja lili m'khwapa.

FUNSO: Bambo Wathanki, ndili ndi lionfish imodzi m'thanki ya malita 400. Loweruka lapitali ndikupukuta galasi cham'kati ndinangomva ngati singano yamoto yalowa pachala changa chapakati. Sikuti nsombayo inandithamangitsa ayi, ndine ndinaigunda ndi kuseri kwa dzanja osaiona. Ululu unakwera mpaka m'khwapa. Mayi akunyumba anandiika ayezi, mlamu wanga n'kundimanga mkono ndi lamba kuti poizoni asafike kumtima. Ndinachezera kubuula. Pano chala chaphwa koma chidakali dzanzi. Tinalakwitsa pati, ndipo nsombayi ndiichotse? Ndine Wobayidwa.

YANKHO: Pepani achimwene, ululu umenewo ndimaudziwa. Akunyumba ndi alamu anu anachita mwachikondi, koma onse awiri anaphonya. Chimene chinkafunika tsiku limenelo ndi beseni la madzi otentha basi.

Lionfish ili ndi minga 18 ya poizoni: 13 pamsana, 3 pansi chakumchira, ndi 2 pamimba. Zipsepse zazikulu zam'mbali zija, zotambasuka ngati nthenga, zimene alendo amaziloza ndi mantha, zilibe kanthu. Munga uliwonse uli ndi timingalande m'mbali mwake momwe mumakhala poizoni, ndipo ndi wokutidwa ndi kakhungu kopyapyala. Munga ukamalowa mumnofu kakhungu kaja kamang'ambika n'kukankhikira m'mbuyo, ngati mmene munthu amapindira mkono wa malaya, poizoni n'kutsala m'balamo. Nsombayi sipopa chilichonse ngati mmene ichitira njoka. Mphamvu yolowetsa mungawo inachokera kudzanja lanu lomwe.

Poizoni ameneyu ndi wa mapuloteni, ndipo sagwirizana ndi kutentha. Mukabayidwa, yambani mwavula mphete chala chisanatupe, apo ayi adzaichotsa ndi macheka. Tsukani bala, ndipo ngati mukuona kachidutswa ka munga kali poonekera kazuleni ndi kopanira. Kenako vikani dzanjalo m'madzi otentha madigiri 40 mpaka 45, kwa mphindi 30 mpaka 90, mukuwonjezera ena otentha akamazizira. Ngati mulibe choyezera, yesani madziwo ndi dzanja labwinolo, chifukwa chala chimene chili pamoto kale sichingakuuzeni kuti madzi akuwotcha. Alipo amene afika kuchipatala ndi matuza a madzi owira oposa bala la nsombalo. Ayezi, lamba, kucheka ndi lezala, kuyamwa bala, zonsezi zisiyeni. Lamba amangotsekereza magazi pachala chimene chikuvutika kale.

Kuchipatala thamangirani ngati mukubanika, mukumva chizungulire, mukusanza, nkhope kapena milomo ikutupa, munga wathyokera m'kati kapena walowa polumikizira mafupa, komanso ngati madzi otentha akanika kuchepetsa ululu. Dzanzi limatha kukhala masiku angapo ngakhale masabata, koma inu pitani ndithu akakuunikeni ngati simunatsale kachidutswa, ndipo akakufunseni za katemera wa kafumbata muwayankhe zoona.

Ine amene anandiphunzitsa mwambo si lionfish ayi. Inali foxface, kansomba kachikasu kamanyazi kodya ndere, kamene kamathawa ngakhale chithunzithunzi cha dzanja. Ndinkakasamutsa ndi kaukonde, minga yake n'kukodwa mu ulusi. Ndinamva chisoni kukaona kakuphiriphitha, ndiye ndinayamba kumasula ndi zala. Sindinathe n'kuwerenga mpaka 3. Nsomba za banja lake, la rabbitfish, zili ndi poizoni paminga ya pamsana, ya pamimba ndi ya kunsi, komanso kamunga kena koloza kutsogolo pafupi ndi mutu, kamene sikaoneka mpaka katakupezani. Ndinakhala pansi m'bafa ola lathunthu, dzanja lili m'ndowa, thukuta lili kamukamu. Kuyambira tsiku limenelo nsomba ya minga ndimaikola ndi chikontena cha pulasitiki, osati ukonde. Ndipo ikafa musamati yatha mphamvu. Minga ya nsomba yakufa imabaya chimodzimodzi, choncho itoleni ndi chopanira.

Kunena za kuichotsa, ine ndikuti isungeni. Sinalakwe kanthu. Lionfish zimazolowera kuti dzanja likaoneka pamwamba ndiye kuti chakudya chafika, ndiye zimayandikira mwakachetechete. Mukamagwira ntchito m'thanki pakhale munthu wina wongoyang'ana kumene ili, kapena itsekereni mbali imodzi ndi chidutswa cha pulasitiki. Mukaona yaweramitsa mutu, minga ya pamsana yaloza kwa inu, chotsani dzanja. Mukadzatopa nayo mudzaipereke kwa woweta mnzanu, osakaitaya m'nyanja. Kwawo kwa nsombazi ndi ku nyanja za Indian ndi Pacific, koma mu 1985 ina inaoneka kugombe la Florida, ku America, ndipo lero zadzaza nyanja ya Caribbean yonse, zikumeza tiana ta nsomba zakumeneko. Akatswiri ambiri amaloza chala oweta amene anazitaya m'madzi zitawakulira.

FUNSO: Bambo akunyumba anagula miyala yakale kwa munthu amene amasiya zoweta nsomba. Pamiyalapo pali tinthu tofiirira tokhala ngati mabatani, tamera mothinana ndipo tayamba kukwera makorali, tizamoyo ta m'nyanja tija tooneka ngati zomera. Akuti Loweruka likubwerali aiwiritsa miyalayo mumphika wanga waukulu, kenako aikwecha ndi burashi yawaya. Funso langa ndi lakuti, kodi mphikawo ndingadzaphikiremonso? Ndine Mayi wa ana awiri.

YANKHO: Mayi, za mphika tikamba pambuyo. Choyamba, ubiseni mphikawo lero lomwe, pamodzi ndi ketulo ndi burashi, ndipo tsamba lino muwawerengere bambowo mokweza. Pa makalata onse a mwezi uno, yanuyi ndi imene yandisowetsa tulo.

Timabatani timeneto mosakayika ndi tizamoyo ta gulu la zoanthid, tachibale ta makorali, ndipo tofiirira tothinana chonchi nthawi zambiri timakhala ta mtundu wa Palythoa. Tina mwa ito timakhala ndi poizoni wotchedwa palytoxin, mmodzi mwa apoizoni amphamvu kwambiri amene anthu anawapezapo m'chilengedwe. Si tonse tili naye, koma ndi maso simungasiyanitse, ngakhale wogulitsa atalumbira chotani. Ine kabatani kalikonse ndimakatenga ngati kali naye.

Anthu a ku Hawaii ankamudziwa kale poizoni ameneyu. Ankasimba za kadziwe ka m'mphepete mwa nyanja ku Hana, pachilumba cha Maui, komwe ankhondo ankapaka nsonga za mikondo yawo kuti wolasidwa asadzuke. Asayansi analondola nkhaniyo, anakapeza kadziweko, ndipo mu 1971 Richard Moore ndi Paul Scheuer analengeza kuti apatula poizoniyo. Mmene amagwirira ntchito ndi motere. Selo lililonse la m'thupi mwathu lili ndi timapampu totulutsa sodium n'kulowetsa potassium, ndipo minyewa, minofu ndi mtima zimadalira timapampu timeneti. Palytoxin akagwira kapampu kotere amakasandutsa chitseko chosatseka, zonse n'kumangolowa ndi kutuluka mwachisawawa mpaka selo kufa.

Tsono tamverani apa, chifukwa ndi pamene anthu amasokonezeka. Pafunso lapitalo ndatamanda madzi otentha. Kwa palytoxin ndi zosiyana kotheratu. Iye si wa mapuloteni ngati wa lionfish, ndipo kuwiritsa sikumupha. Chimene madzi owira amachita ndi kumunyamula m'nthunzi n'kumugawira aliyense m'nyumbamo, ana anu awiri ndi galu yemwe. Burashi yawaya imachitanso chimodzimodzi, imamwaza timadontho tosaoneka. Ngakhale mwala utauma kwa miyezi, fumbi lake ndi loopsabe.

Izi si zongoopseza. Mu 2015 bungwe la zaumoyo la CDC ku America linafalitsa za anthu osachepera 10 a ku Alaska amene anadwala pakati pa 2012 ndi 2014 atapuma poizoniyu, ena kunyumba, ena m'sitolo yogulitsa nsomba. M'nyumba ina anthu anadwala pamodzi ndi ziweto zawo, ena mwa iwo osakhudzako n'komwe korali. Mu 2018 ku Oxfordshire, ku England, banja lina linagonekedwa m'chipatala mmodzi wa iwo atatsuka miyala ya m'thanki, ndipo ozimitsa moto ena amene anafika pamalopo anawatengeranso kuchipatala.

Chovuta n'chakuti zizindikiro zake zimafanana ndi chimfine. Pakapita maola angapo munthu amamva kuwawa kokhala ngati kwa chitsulo m'kamwa, amatsokomola, mphuno zikuchucha, thupi likutentha, akunjenjemera, minofu ikuphwanya, kenako kubanika. Ndiye amangomwa mankhwala opha ululu n'kukagona m'nyumba momwemo momwe muli nthunziyo. Anthu awiri kapena atatu a nyumba imodzi akadwala nthawi imodzi tsiku limene wina wagwira makorali, tulukani nonse panja, tsegulani mawindo, ndipo pitani kuchipatala mukatchule dzina lakuti palytoxin. Mankhwala othetseratu poizoniyu kulibe. Madokotala amathandiza munthu kupuma, amayang'anira mtima, ndiponso amateteza impso, chifukwa minofu ikamawonongeka zinyalala zake zimakatseka kumeneko. Mkodzo ukada ngati tiyi wopanda mkaka, imeneyo ndi nkhani ya usiku womwewo, osati ya mawa.

Palinso maso. Timabatani timeneti ukatifinya timathovola madzi ngati jekeseni, ndipo timalunjika bwino zedi. Mnzanga wina woweta ankadula kachidutswa ndi lezala, kopanda magalasi, poti inali ntchito ya mphindi imodzi. Kadontho kanamugwera m'diso lamanzere. Pofika m'mawa diso linali psuu, chikope chatupa ngati walumidwa ndi mavu, kuwala kwa foni kokha kumamuliza. Anayenda kwa dokotala wamaso milungu yambiri. Zikakuchitikirani, tsukani diso ndi madzi oyera kwa mphindi zosachepera 15 ndipo pitani kwa dokotala wamaso tsiku lomwelo, ngakhale mukuona ngati zachepa.

Nanga bambowo achite chiyani ndi miyala yawo? Ngati safuna timabatanito, njira yosavuta ndi kupereka mwala wonse kwa woweta amene amatikonda, atamuuza chimene chilipo, pakuti alipo ambiri amene amatisunga bwinobwino chifukwa cha kukongola kwake. Chikomekome cha mkuyu chenicheni. Ngati akufuna kutsala ndi mwala wokhawokha, avale magolovesi aatali okhuthala, magalasi otseka m'mbali ndi chotseka pakamwa ndi mphuno. Atulutse mwalawo ali ndi ndowa pafupi, apite nayo panja, n'kuumiza m'madzi ozizira osakaniza ndi bleach, uja ambiri timangoti jiki, muyezo umodzi pa miyezo 9 ya madzi. Avindikire, ausiye masiku angapo kutali ndi ana. Bleach ndiye amaphwanya poizoniyu. Asasakanize ndi viniga kapena mankhwala ena, chifukwa pamenepo mpweya wotulukawo ndi tsoka linanso. Akamaliza atsuke mwalawo mobwerezabwereza ndi kuthira mankhwala ochotsa chlorine usanabwerere kwa nsomba. M'thankimo aikemo makala atsopano a activated carbon, amathandiza kuyamwa poizoni amene watsalira m'madzi.

Mphika wanuwo ukhale wophikira basi. Za m'thanki zikhale ndi ndowa yakeyake, yolembedwa dzina.

FUNSO: Pachala changa chamkombaphala pali kachotupa kofiira kolimba kamene katha miyezi iwiri. Sikapweteka kwenikweni. Ndamwa maantibayotiki kawiri, ndapaka mafuta, osasintha. Tsopano kwatuluka ena awiri pamkono, ondondozana ngati mzere. Sindikukumbuka kuti china chinandiluma. Kodi zingakhale za m'thanki? Ndine Wodabwa.

YANKHO: Zingakhale ndithu, ndipo ndikukayikira kuti adokotala simunawauze zakuti mumaweta nsomba. Ambiri sitinena, timaona ngati sizikukhudzana.

Pali kachilombo kotchedwa Mycobacterium marinum, kachibale ka kamene kamayambitsa chifuwa chachikulu. Anakazindikira koyamba mu 1926 pa nsomba zam'madzi amchere zimene zinkafa m'nyumba yoonetsera nsomba ku Philadelphia. Sikafuna kuti chinthu chikulumeni. Kukalika pang'ono ndi mwala, kapena kachilonda ka m'mbali mwa chikhadabo, n'kokwanira. Kamakhala chete masabata awiri, anayi, nthawi zina miyezi, ndiye pamene chotupa chikutuluka munthu waiwala kale za kukalika kuja. Mzere umene mukuuonawo ndi mmene kamakwerera mkono, kutsata njira za madzi a m'thupi.

Kachilomboka kamakonda malo ozizirirako, madigiri pafupifupi 30, n'chifukwa chake kamakhazikika m'zala ndi m'zigongono. Mfundo imeneyi ndi yofunika kwa a labu. Iwo kawirikawiri amameretsa tizilombo pa madigiri 37, ndipo pamenepo aka sikamera bwino, zotsatira n'kubwera zakuti palibe kanthu. Mukangonena kuti "ndimapisa manja m'thanki ya nsomba", dokotala amadziwa choti apemphe. Mankhwala alipo, monga clarithromycin, ethambutol ndi rifampicin, koma amamwedwa miyezi itatu, inayi kapena kuposerapo, osati sabata imodzi. Musakafinye, ndipo mafuta a steroid musiye kaye mpaka akuoneni, amatha kukabisa kakulowerera m'mitsempha ya chala. Akunyumba musawadere nkhawa, sikapatsirana pakati pa anthu.

Pali mnzake wina waliwiro, Vibrio, amene sadikira miyezi. Bala likafiira mofulumira, kutupa kukuyenda mukuona, matuza akuda akutuluka, thupi likutentha, patangopita tsiku limodzi mutagwira madzi amchere, pitani kuchipatala ola lomwelo. Amene muli ndi matenda a chiwindi, a shuga, kapena chitetezo cha m'thupi chotsika, dzanja lanu lisamalowe m'thanki lopanda golovesi ngakhale tsiku limodzi.

FUNSO: Usiku ndikazimitsa magetsi ndimamva thanki ikulira kuti tha, tha, tha, ngati wina akugogoda galasi ndi ndalama yachitsulo. Nkhono zanga zikutha, ndimangopeza zigoba zoswekasweka. Dzulo ndinatembenuza miyala ndi manja kuti ndione, sindinapeze kanthu koma zala zinadzaza ndi tiubweya toyera toyabwa koopsa. Ndi chinthu chimodzi chimene chikuchita zonsezi? Ndine Wosagona.

YANKHO: Ndi alendo awiri osiyana, ndipo muthokoze kuti munakumana ndi waubweyayo, osati wogogodayo.

Tiubweya toyerato ndi ta bristleworm, nyongolotsi yokhala ngati bongololo waubweya imene imabisala kunsi kwa miyala. Musakande, mumangotithyolera m'kati. Umitsani chala mosapukuta, matanipo selotepi n'kumatula, kangapo, kenako vikani mu viniga. Kuyabwa kumatha pa tsiku limodzi kapena awiri. Zambiri mwa nyongolotsizi ndi zothandiza, zimadya zotsalira, ndipo zikachuluka kwambiri ndiye kuti mukuthira chakudya chambiri. Yoyenera kuchotsa ndi fireworm, yonenepa, ya ubweya wa mabutu oyera ndi timaluwa tofiira m'mbali. Imeneyo imadya makorali ndipo imawotcha ngati dzina lake.

Wogogodayo, poona zigoba zoswekazo, ndi mantis shrimp, wachibale wa nkhanu. Amabwera atabisala m'bowo la mwala ali wamng'ono ngati njere, n'kukulira momwemo inu osadziwa. Ali ndi timikono tiwiri topindika pansi pa chifuwa, tokhala ngati zibonga. Mu 2004 Sheila Patek ndi anzake anayeza nkhonya ya mtundu wa peacock mantis n'kupeza kuti imathamanga mpaka mamita 23 pa sekondi, m'madzi. Liwiro lake limapanga kathovu kamene kamaphulika pachigoba, ndiye nkhono imamenyedwa kawiri pa nkhonya imodzi. Asodzi ndi osambira pansi pa nyanja anamupatsa dzina lotanthauza wong'amba chala chachikulu, ndipo wamkulu amang'ambadi mpaka kukasokedwa.

Alipo wina wolira mofanana, pistol shrimp, koma iye amalira kamodzikamodzi ndipo dzanja lanu alibe nalo ntchito. Kuti mudziwe, khalani pafupi usiku ndi tochi yofiira. Mukaona timaso tiwiri tapamapesi tikuzungulira patokhapatokha pakhomo la bowo, ndi yemweyo. Tulutsani mwala wonsewo mutavala magolovesi okhuthala, muuike m'ndowa, ndipo thirani madzi a soda m'bowomo, amatuluka yekha ngati mphezi. Musamuphe. Mu kathanki kake kayekha ndi chiweto chanzeru kuposa nsomba zambiri zimene ndawetapo, ndipo alipo anthu amene angamulandire ndi manja awiri.

FUNSO: Ndili ndi moray eel amene ndamuweta zaka zitatu. Amandidziwa, amadya m'manja mwanga ndipo ndimamusisita pamutu. Anzanga amasangalala ndikawaonetsa mavidiyo. Bambo anga akuti ndisiye. Si mantha a anthu akale amenewa? Ndine Mnyamata wolimba mtima.

YANKHO: Mphwanga, amvere bambo ako. Mkunga ameneyo sakudziwa iwe, akudziwa fungo. Maso ake ndi ofooka, amasaka ndi mphuno, ndipo chala chimene chagwira nyama ya nsomba kwa iye ndi nyama ya nsomba. Tsiku limene adzaphonye sadzakhala atakwiya, adzakhala ali ndi njala chabe.

Mano a mikunga ya gulu la Gymnothorax ndi akuthwa ndipo anapindikira kukhosi, kuti chogwidwa chisapulumuke. Iwe ukadzidzimuka n'kukoka dzanja, ndi pamene mnofu umang'ambika, nthawi zina pamodzi ndi mtsempha woyendetsa chala. Ndiye pali nsagwada zachiwiri. Mu 2007 Rita Mehta ndi Peter Wainwright a ku University of California, Davis, anajambula mmene nsagwada zina za kukhosi zimathamangira kutsogolo, kugwira chakudya n'kuchikokera m'mimba. Ngakhale snowflake moray, wa mano obuntha oswera nkhanu, amafinya chala mpaka chikhadabo kuda. Bala la mkunga limakonda kuchita mafinya, choncho likachitika litsuke kwambiri ndi madzi ndi sopo, lipanikize kuti magazi aleke, n'kupita kuchipatala ngakhale likuoneka laling'ono.

Gula chopanira chachitali cha pulasitiki. Vidiyo imatuluka bwino chimodzimodzi. Ena ofunika kuchenjera nawo ndi nsomba za triggerfish, amene amaluma dala, makamaka akakula, komanso ma tang, amene ali ndi kampeni kobisika mbali zonse ziwiri za tsinde la mchira.

FUNSO: Mdzukulu wanga wa zaka 12 waona pa intaneti okutopasi (kanyama ka m'nyanja ka miyendo 8) wamng'ono wa timizere tozungulira ta buluu ndipo sakugona naye tulo. Wina walonjeza kuti akhoza kutipezera. Ndi kanthu kochepa ngati dzira, kangavute chiyani? Komanso mwanayu amakonda kutola nkhono za m'thanki ndi manja. Ndine Agogo okonda adzukulu.

YANKHO: Agogo, akuluakulu amati mwana akalirira nyanga ya nsatsi msemere imufotere yekha, koma nyanga iyi musamusemere. Ameneyo ndi blue-ringed octopus, ndipo wakulonjezaniyo sakukufunirani zabwino.

M'malovu ake muli tetrodotoxin, poizoni yemwe uja wa nsomba za pufferfish. Kuluma kwake n'kochepa moti ena samva n'komwe, amangoona kadontho ka magazi. Pakapita mphindi zochepa milomo ndi lilime zimachita dzanzi, mawu amalemera, kenako minofu yonse imafooka, kuphatikizapo yopumira. Munthu amatha kukhala akumva zonse zimene zikunenedwa pambali pake koma osatha kuphethira ngakhale kupuma. Mankhwala olimbana ndi poizoniyu kulibe. Chopulumutsa ndi chakuti wina amupumire pakamwa mosalekeza mpaka afike pa makina opumira, ndipo akamusunga choncho kwa tsiku limodzi kapena kuposerapo, poizoni amatha yekha m'thupi. Funso loti mudzifunse ndi lakuti, kodi mwanayo akalumidwa inu muli kubafa, adzamupumira ndani?

Komanso buluu amene wamukopa mwanayo saoneka nthawi zonse. Kanyamaka kakakhala pamtendere ndi kotuwa ngati mwala, timizere tija timayaka kakaopsezedwa. Ndiye mwana wofuna kuonetsa anzake adzachita chiyani? Adzakatosa. Onjezanipo kuti okutopasi amatuluka pa kampata kalikonse kamene mlomo wake ungakwane, ndipo moyo wake ndi waufupi, chaka chimodzi kapena ziwiri.

Za nkhono, zambiri zimene timaweta zodya ndere zilibe vuto. Yoopsa ndi ya chigoba chosongoka mbali imodzi, chosalala, cha maluwamaluwa okongola ndi kukamwa kwakutali kopapatiza. Imeneyo ndi cone snail, ndipo nthawi zina imabwera yokha ndi miyala. Ili ndi kachitamba kamene kamaponya kamuvi ka poizoni, ndipo kamapindika kufika pafupifupi paliponse pachigoba, choncho palibe pogwira pabwino. Mitundu yodya nsomba, monga Conus geographus, yaphapo anthu. Kuona maso a nkhono n'kudekha, inde, koma iyi muidekhere muli kuseri kwa galasi, chopanira chili m'manja. Kwa awiriwa, okutopasi ndi cone snail, madzi otentha si chithandizo. Apa ndiye pofunika bandeji yotambasuka, kukulunga mkono wonse molimba ngati wobinya koma osatsekereza magazi, kuumangirira ku kathabwa kuti usagwedezeke, ndi kuitana ambulansi nthawi yomweyo.

Pambali pa thanki yanga ndinamatapo pepala. Pali mayina a chamoyo chilichonse cha m'menemo chimene chingabaye, kuluma kapena kuwotcha, dzina la m'sitolo ndi la sayansi, choti achite oyamba kufika, ndi nambala yoitanira ambulansi. Dokotala wa usiku mwina sanaonepo foxface chibadwire, ndipo ine mwina tsiku limenelo sindidzatha kulankhula. Lembani lanu pamodzi ndi mdzukuluyo, iye ajambule zithunzi zake, adzaloweza msanga kuposa inu.

Mukafuna kumutonthoza mugulireni nsomba ziwiri za clownfish. Koma ndisakunamizeni kuti n'zofatsa. Yaikazi yanga, ya mtundu wa maroon, yatha zaka 9 m'ngodya imodzi ya thanki, ndipo ikaikira mazira pamwala sifuna kuona ngakhale nsonga ya chala. Imathamanga kuchokera kumene ili n'kudzandiluma pakhungu lofewa la pakati pa zala, malo omwewo nthawi zonse, mpaka kadontho ka magazi. Tsiku lina ndinavala golovesi yofika m'chigongono kuti ndione chimene ichite. Inayendera golovesi yonse mpaka kumapeto kwake, n'kundiluma pamwamba pa chigongono.